ELT ikungolira yokha, helikopita ili pansi ku Dedza

Wamawaya: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Tinatera pabwalo la mpira kuno ku Dedza dzulo madzulo chifukwa cha chifunga, phiri lonse silimaoneka. Mmawa uno nditatchera wailesi pa 121.5 MHz, tchanelo ya zangozi, ndapeza ELT, kabokosi kotumiza uthenga wa ngozi ndege ikagwa, ikulira, kanyali ka pa switch ya pailoti kakuphethira. Ndapanga reset, yakhala duu kwa mphindi zingapo, kenako yayambanso. Panopa ndaizimitsa pa bokosi penipeni.

Bambo a Tadala: Musanagwire sipanala, a ku tower ku KIA mwawauza? Ngati ndi ya 406 MHz, ikatha masekondi pafupifupi 50 ikulira uthenga umapita ku masetilaiti a Cospas-Sarsat, ndipo umabwereza choncho masekondi 50 alionse. Penapake anthu akhoza kukhala akukonzekera kukakufunani kuphiri inu mukumwa tiyi. Apatseni hex ID, nambala yozindikiritsa ELT yanu ija ya zilembo ndi manambala 15, muwauze kuti palibe ngozi.

Wamawaya: Ndi ya 406, bwana. Ndaimba kale, alemba.

Mlongo wa ku Lizulu: Achimwene, munatera bwanji? Ndipo ELT-yo ndi mtundu wa helikopita kapena wa ndege yamapiko? G-switch, ija imayatsa ELT ikamva kugunda, ya ndege yamapiko imamva kugunda kochokera kutsogolo basi, nchifukwa chake akaiika mu helikopita amaipendeketsa madigiri 45. Yopangidwira helikopita imamva mbali zonse. Bulaketi ikakhwepa, kunjenjemera kwa rotor kumatha kuiyatsa.

Wamawaya: Tinatera bwinobwino, ngakhale botolo la madzi silinagwe. Bulaketi ndaigwedeza, ili nganganga.

Bambo a Tadala: Ndiye G-switch isiyeni, ilibe mlandu. Rotor yaima usiku wonse, ikanamva chiyani? Ine ndikukayikira chinyontho. Mame a ku Dedza mwezi wa June amanyowetsa ndi zamkati zomwe. Zulani pulagi ya waya wochokera ku switch ya pailoti, muiyang'ane ndi tochi. Kadontho kamodzi pakati pa mapini kamanamiza bokosi kuti munthu wadina ON. Mukatero muyeze wayayo ndi mita, pulagi ili yozula mbali zonse.

Wamawaya: Mwalasa! Mapini awiri abiriwira ngati ndere, ndipo karabala kotchinga madzi kang'ambika. Ndatsuka ndi contact cleaner, ndaumitsa, mita sikuonetsanso short. Ndiiyese?

Mlongo wa ku Lizulu: Self-test yokha, monga likunenera buku lake, osaiyatsa zenizeni. Koma nkhawa yanga ili pa batire. Lamulo lomwe ambirife timatsata ndi loti ikalira nthawi yopitirira ola limodzi mukaphatikiza, batire imasinthidwa, ngakhale deti ya pa chikwama chake isanakwane. Inuyo mukudziwa kuti inayamba nthawi yanji usikuwo?

Wamawaya: Ayi. Komatu deti yake ikadali kutali, ndipo ina palibe pano.

Bambo a Tadala: Mphwanga, pamenepo musanyengerere. Tonse tikukumbuka 10 June 2024 ku Chikangawa: ndege inapezeka mawa lake, ndipo akatswiri a ku Germany analemba kuti batire ya ELT yake inatha ntchito mu 2004. Funsani a ku tower nthawi yomwe uthenga woyamba unafika, muwerengere mpaka pomwe munazimitsa.

Wamawaya: Ayankha. Akuti kusanache, cha m'ma 3 koloko, ine ndazimitsa 6 itadutsa. Ndalemba mu logbook, batire ina ndi karabala zinyamuka ku Lilongwe pa galimoto masana ano. Pailoti wandiyang'ana moipa, koma wapita kukafuna mbatata yokazinga kumsika.