Windows 11 pa kompyuta ya mu situdiyo: ndisamuke kapena ndidikire kaye?

Akuluakulu ojambula nyimbo, ndigawireni nzeru. Kompyuta yanga ikadali pa Windows 10, yomwe Microsoft idasiya kuisamalira pa 14 Okutobala 2025. TPM 2.0, kachipangizo ka chitetezo kamene Windows 11 imafuna, ilimo, ndiye pa mbali imeneyo palibe vuto.

Chikundidetsa nkhawa ndi sound card. Ndi yakalekale, ndipo driver wake wa ASIO (pulogalamu yoilumikiza ndi kompyuta kuti mawu asamachedwe) adalekera pa Windows 10. ASIO4ALL, driver wogwira pa sound card zosiyanasiyana, sindikuifuna, chifukwa woimba akamamva mawu ake mochedwa m'mahedifoni amasokonezeka, ntchito n'kuima. Ndilinso ndi ma plugin (timapulogalamu towonjezera) akale a 32-bit amene FL Studio, pulogalamu yanga yopangira nyimbo, imawatsegula kudzera pa bridge (kapulogalamu kowalumikiza), makamaka piyano ina imene ili m'nyimbo zonse za kwaya yomwe chimbale chake ndikumaliza mixing.

Alipo amene adasamuka ndi zida zakale chonchi, driver n'kugwira osadukizadukiza mawu? Mudaika pamwamba pa Windows 10 kapena mudafufuta zonse n'kuyambira pachiyambi? Nanga malayisensi a mapulogalamu amene ali mu iLok (njira yosungira malayisensi) ndiyambe ndawachotsa pa makinawa ndisanayambe?

Ndikudziwa kuti a Microsoft amapereka masiku 10 obwerera ku Windows 10, koma eni chimbale akuchifuna mwezi uno. Zikomo.