Kodi Mulungu amatopa kukhululukira tchimo lomwelomwelo?

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndithandizeni, nkhaniyi ikundisowetsa tulo.

Ndinabatizidwa zaka 6 zapitazo ndipo zambiri ndinasiyadi, koma mkwiyo wandikanirira. Ndikapsa mtima ndimalankhula mawu olasa kwa mayi akunyumba ndi ana. Usiku ndimagwada n'kulapa, koma sabata isanathe ndabwerezanso. Pano ngakhale ku Mgonero ndimachita manyazi kupita.

Pa Aroma 5:8 Paulo akuti Khristu anatifera tikadali ochimwa, ndipo pa Aefeso 2:8-9 akuti tinapulumutsidwa mwa chisomo, osati ndi ntchito zathu. Mawu amenewa amandilimbitsa mtima. Koma ndikafika pa Aheberi 10:26, pomwe akunena za munthu wochimwa dala atadziwa kale choonadi, thupi limachita kuzizira. Mnzanga wina wa kwaya akuti kulapa kwanga n'kwapakamwa chabe chifukwa sindisintha. Komatu pa Mateyu 18:22 Yesu anauza Petro kuti asalekere pa ka 7 pokhululukira m'bale wake. Ndiye Mulungu mwini wake angachepere pamenepo?

Kodi kufooka ndi kuchimwa dala zimasiyana pati? Inu amene munalimbanapo ndi tchimo lobwerezabwereza, munathana nalo bwanji? Abusa ndi akulu ampingo, chonde ndiunikireni.