Amalume anaduka mwendo ndi bomba lokwirira: chipukuta misozi tingachipeze kuti?

Mdzukulu wa ku Tsangano:
Abale, ndithandizeni nzeru. Amalume anga anabwerera kwathu ku Tsangano, ku Mozambique, mu 1994 kuchokera ku Ntcheu komwe tinathawira nkhondo ya pachiweniweni. Asanathe n'komwe mwezi, anaponda bomba akuswa mphanje m'munda wa agogo. Mwendo wakumanzere unadulidwa pansi pa bondo. Woikirira omwe analandira unang'ambika kalekale, amaumanga ndi mphira ya njinga, ndipo madzulo akauvula chitsa chimakhala chitatupa. Pano akalamba, khasu lawakanika. Kodi lamulo lingatithandize kupeza chipukuta misozi? Tisumire ndani, poti sitidziwa ngati analitchera ndi a Frelimo kapena a Renamo?

Mayi wa ku Ulongwe:
Pepani achimwene. Ndisakunamizeni, kukhoti n'kovuta. Malamulo a Mozambique amapereka zaka 3 zokha kuti wovulazidwa asumire chipepeso, ndiye za 1994 adzakuuzani kuti nthawi inatha. Komanso atasaina mtendere ku Rome pa 4 Okutobala 1992, kunabwera lamulo lokhululukira milandu ya m'nkhondo. Gawo 58 la malamulo aakulu a dziko limanenadi kuti boma lilipire chipepeso ngati ogwira ntchito ake alakwira munthu, koma umboni woti bombalo analikwirira ndi asilikali a boma muutenga kuti? Pitanibe ku IPAJ, bungwe la boma lomwe limathandiza osauka pa zamalamulo kwaulere. Mumve kwa iwo.

Mdzukulu wa ku Tsangano:
Nanga pangano la Ottawa lija loletsa mabomba okwirira, silikakamiza boma kulipira?

Mphunzitsi wopuma:
Mwanawe, pangano la 1997 limenelo limauza maiko kuti asamalire ovulala, kuwapatsa chithandizo cha kuchipatala ndi kuwathandiza kudziimira paokha. Silipatsa munthu mphamvu yokatenga ndalama kukhoti. Chimandiwawa n'chakuti mu 2015 tinaomba m'manja kuti mabomba atha m'dziko, makoswe onunkhiza mabomba a bungwe la APOPO tinawatamanda, koma oduka miyendo tikukhala nawobe m'midzi muno.

Ine ndikanayambira ku INAS, bungwe la boma lothandiza anthu ovutika. Okalamba ndi olumala osauka amalembedwa kuti azilandira kangachepe. Tengani chitupa chawo, kalata ya kuchipatala ndi umboni wa amfumu. Funsaninso a RAVIM, bungwe la ovulala ndi mabomba.

Mdzukulu wa ku Tsangano:
Zikomo bambo. Kalata ya kuchipatala inadyedwa ndi chiswe, koma amfumu omwe anawanyamula pamachira tsiku lija akadali moyo. Loweruka ndikawaona.