Za ulendo wa ku Lebanon uja, nazi zomwe ndapeza

Paja ndinafunsa ngati kulipira galimoto yahayala ndi munthu wotifotokozera mbiri kuli ndi phindu kapena ndi kuwononga ndalama chabe. Abale, lipirani basi. Ku Baalbek, makilomita pafupifupi 85 kuchoka ku likulu la dzikolo, Beirut, kachisi wakale wa Aroma wa mulungu wawo Jupiter watsala ndi zipilala 6 zokha koma ukaima pansi pake khosi limachita kuwawa poyang'ana kumwamba, ndiye kachisi wa Bacchus pambali pakepo akadali pafupifupi wathunthu, mpaka zosema za mphesa pachitseko chachikulu zikuonekabe, popanda wofotokoza mungodutsa osadziwa kuti mwaona chani.

Pobwerera tinaima ku Château Ksara, ansembe achikatolika a chi Jesuit anayamba kupanga vinyo kumeneko mu 1857 ndipo vinyoyo amasungidwa m'mapanga a nthawi ya Aroma. Byblos, mzinda wina wakale, ndiyosavuta kufikako, ili pafupi ndi Beirut, komatu bokosi la maliro la miyala la Ahiram, mfumu yakale ya ku Byblos, lokhala ndi zilembo za Afoinike musakalifune kumeneko, lili ku National Museum ku Beirut.

Tengani madola a kashi, makhadi sadalirika kuyambira pomwe mabanki anagwa mu 2019. Za chitetezo onani kaye nkhani musanabuke, mu 2024 mabomba anagwa pafupi ndi Baalbek ndi Tyre.