Ndithandizeni nzeru: sikirini ya iPad Pro yatsopanoyi ndi yoyeneradi ndalama zonsezi?

Moni akuluakulu nonse m'gulu muno. A adimini, chonde ilekeni idutse, sindikutsatsa malonda ayi, ndikungofuna maganizo.

Ine ndimajambula zithunzi za maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Lilongwe, nthawi zina ndimapanganso makadi oitanira anthu ndi maposita a matchalitchi. Laputopu yanga yakalamba, batire silisunganso moto, ndiye magetsi akangozima ntchito yaima pomwepo. Mlamu wanga ali ku Johannesburg, abwera pa Khirisimasi, ndipo wati ndikamutumizira ndalama andigulira chomwe ndikufuna. Mtima wanga wagwera pa iPad Pro ya mainchesi 13, ya purosesa ya M5, yomwe inatuluka mu Okutobala 2025.

Chomwe chandikoka ndi sikirini. Aliyense pa YouTube akuitama, koma mavidiyowo ndimawaonera pa foni yanga yomweyi, ndiye kukongola komwe akunenako ine sindikuona, ndikungomva. Amene munaigwira ndi manja ndiuzeni: kodi kusiyana kwake ndi iPad Air kumaonekadi ndi maso, kapena ndi nkhani ya manambala a pa bokosi? Panja dzuwa likuswa mtengo, m'tenti ya chinkhoswe, munthu angaonetse makasitomala zithunzi osaphimba ndi jekete? Ndipo chachikulu, ingalowe m'malo mwa laputopu? Ndalama zake ndasonkhanitsa movutika, mukudziwa nokha mmene dola ikuvutira, sindikufuna kudzalira mu Januwale.

Wojambula mnzanu wa ku Mzuzu:
Achimwene, ine ndili ndi ya M4 ya 2024, ndipo sikirini yake ndi yomweyo yomwe aika pa M5, sanasinthe. Kusiyana ndi Air kulipo, kumaoneka. Air ndi LCD, kumbuyo kwake kuli nyali yoyaka nthawi zonse, ndiye chakuda chimaoneka chotuwa pang'ono makamaka usiku. Pro ndi OLED, kadontho kalikonse kamadziyatsa kokha, pomwe pali chakuda kamangozima. Ndiponso anasanjikiza magawo awiri a OLED kuti iwale kwambiri, nchifukwa chake amati tandem OLED. Suti yakuda ya mkwati pafupi ndi diresi loyera la mkwatibwi, pamenepo ndi pomwe mudzaonere. Mizere ya nsalu ya suti imaoneka, leyisi ya diresi osapsa. Kuwala kwake ndi manitsi (muyeso wa kuwala kwa sikirini) 1,000 sikirini yonse, kufika 1,600 pa zithunzi za HDR (zosiyanitsa kwambiri powala ndi pamdima), pomwe Air ya 13 imalekera pa 600. Pa zimenezo a Apple sananame.

Mwini funso:
Zikomo akulu. Nanga panja?

Wojambula mnzanu wa ku Mzuzu:
Pamthunzi, m'tenti, pakhonde, bwinobwino. Pa dzuwa lenileni la mu Okutobala, galasi ndi galasi basi, mudzadziona nkhope yanu. Komanso tabuleti iliyonse ikatentha imachepetsa yokha kuwala kuti isapse, ndipo mukakweza kuwala mpaka kumapeto batire limatha msanga. Maola 10 omwe amalemba aja ndi a munthu woyenda pa intaneti ali m'nyumba, osati wokonza zithunzi pabwalo.

Mayi wa ku Area 25:
Ilipo ina ya galasi losanyezimira, muuzeni mlamu wanuyo agule imeneyo nkhani ithe.

Wokonza mafoni wa ku Limbe:
Amayi, muwalowetsa m'ngongole achimwenewa kkkk. Galasi limenelo, la nano-texture, amaliika pa za 1TB ndi 2TB zokha, simungalipeze pa 256GB. Ku America ya mainchesi 13 ya 256GB ndi madola 1,299. Ya 1TB ndi 1,899, kuonjeza 100 ya galasilo, ndiye 1,999. Mwaona? Madola 700 apamwamba chifukwa chothawa kunyezimira. Ndiponso galasi lotere limamwaza kuwala, ndiye chakuda chija chomwe mukulipirira chimafooka pang'ono, ndipo limafuna kupukutidwa ndi kansalu kake komwe kamabwera m'bokosi. Ndi fumbi la kwathu kuno, ndi anthu a ku ukwati omwe aliyense amafuna kuloza azakhali ake ndi chala chamafuta a nkhuku, ine sindingayerekeze.

Mlongo wanu wa ku Manchester:
Achimwene, werengerani kaye zonse musanatumize ndalama, poti mtengo womwe mukuonawo ndi wa tabuleti yokha. Pensulo amagulitsa payokha. Apple Pencil Pro ndi madola 129, Magic Keyboard ya 13 ndi 349. Mukaphatikiza ndi 1,299 ija mwafika pa 1,777, msonkho usanalowe, ndipo ku Joni mitengo imakhala ndi VAT ya 15 pelesenti kale, musadabwe ikaposa pamenepo. Munthu asakugulitseni pensulo yakale ija ya m'badwo wachiwiri, sigwira pa M4 kapena M5, chifukwa anasuntha kamera yakutsogolo n'kuiika m'mbali yaitali ndipo maginito anasintha. Ilipo yotchipa ya USB-C ya madola 79, koma simva kuti mwadinikiza kwambiri kapena pang'ono, ndiye kwa munthu wojambula makadi siyabwino. Chinanso, kuno ku UK bokosi limabwera ndi waya wokha, chaja mulibe. Mlamu wanuyo afunse m'shopu asanalipire. Ndipo musaiwale kuti mapulagi a ku Joni salowa m'masoketi athu a mabowo atatu amakona aja.

Mnyamata wa za makompyuta:
Nkhani ya laputopu ndiyankhe ine. iPadOS 26, pulogalamu yoyendetsa iPad, yabweretsa mawindo oti mutha kuwakoka, kuwachepetsa, kuwasanjikiza, ndiye yayandikira ku kompyuta kuposa kale. WhatsApp nayo inafika pa iPad mu Meyi 2025. Koma funso lenileni ndi loti mumakonzera zithunzi pa pulogalamu yanji. Ngati ndi Lightroom Classic, pa iPad kulibe. Kuli Lightroom ina yomwe inapangidwa kuti izitumiza zithunzi pa intaneti, ndipo zonse zake mumazipeza polipira mwezi ndi mwezi ndi khadi, m'madola. Photoshop ya pa iPad ilibe zina zomwe za pa kompyuta zili nazo. CorelDRAW yomwe ambiri opanga maposita kuno anazolowera simungaiike ngati mmene mumaikira pa Windows. Polowetsa waya ndi pamodzi pokha, pa USB-C, palibe polowetsa memore khadi ya kamera, mufunika kugula kachida kowerengera. Ukwati umodzi wa zithunzi za RAW (zosafinyidwa, mmene zachokera mu kamera) umadya magigabayiti ambirimbiri, 256GB idzadzadza maukwati a Disembala asanathe. Ndi madola 1,777 omwe anena achemwali aku Manchester, MacBook Air ya M4 inayambira pa 999 ili ndi kiyibodi kale, chenji chotsala mugule hadi disiki ndi pawa banki yaikulu.

Wokonda Samsung:
Nthawi zonse gulu lino ndi Apple Apple. Galaxy Tab S10 Ultra ndi mainchesi 14.6, AMOLED, galasi lochepetsa kunyezimira ndi la onse osati la olemera okha, S Pen ili m'bokosi momwemo, polowetsa microSD palipo, ndipo siopa fumbi ndi madzi, ndi IP68. iPad ilibe chitetezo chotere. Mvula ya mu Disembala ikakupezani pa perekaniperekani mudzandikumbuka.

Mtsikana wojambula pamanja:
Zoona zake akulu, koma Procreate, pulogalamu yojambulira pamanja, ku Samsung kulibe, ndi ya iPad yokha. Enafe ndi chimene tinagulira. Komanso kaumbidwe ka sikirini nkosiyana: Samsung ndi yaitali, 16:10, imakoma pa mafilimu, pomwe iPad ili pafupi ndi 4:3, imakhala bwino ukamapanga khadi kapena posita yoimirira. Za 120Hz, zoti sikirini ya Pro imasintha chithunzi ka 120 pa sekondi, nazo si bodza, pensulo imatsatira dzanja bwino kuposa pa Air ya 60Hz. Koma kunena chilungamo zimenezo zimamveka kwa ife ojambula mizere tsiku lonse. Munthu wokonza mitundu ya chithunzi sindikuona kuti zingamupindulire kwenikweni.

Madala a situdiyo ku Zomba:
Mwana wanga, ndawerenga zonse anzakowa alemba, ndipo palibe wanama. Koma pali chimodzi sanachikhudze. Ine ndinayamba kujambula nthawi ya mafilimu, tikutumiza kukatsukitsa n'kudikira, ndipo chomwe ntchitoyi imafuna sichinasinthe: chithunzi chikongole komwe chikathere, osati pomwe wachikonzera. Kasitomala wako akachionera kuti? Pa Tecno kapena itel, chitadutsa pa WhatsApp yomwe yachifinya, kapena pa pepala m'alubamu. Pepala siliwala, mwana wanga. Ukakonza chithunzi pa sikirini yowala chonchi, yakuda kwambiri chonchi, maso ako amakuuza kuti chili bwino, pamenepo chili chamdima. Ukakatsukitsa, nkhope za anthu athu akuda zimabwera zitamira, mayi a mkwatibwi sakuoneka maso. Zili ngati kugula chitenje pansi pa magetsi a m'shopu, kufika nacho pabwalo mtundu ndi wina. Sikirini yabwino siyoipa ayi, koma imafuna mwini wake aidziwe. Uzimitse True Tone, chifukwa imasintha choyera kutengera kuwala kwa m'chipinda. Utsitse kuwala kufika chapakati kapena kutsikirapo. Uzitulutsa zithunzi mu sRGB, muyeso wamba wa mitundu, poti sikiriniyi imaonetsa mitundu yochulukirapo, ya P3, yomwe mafoni ambiri otchipa ndi makina otsukira sangaifike. Ndiye taona: ukatsitsa kuwala kuti ugwire ntchito moyenera, manitsi 1,000 omwe walipirira aja ukuwagwiritsa ntchito liti? Poonetsa makasitomala basi.

Mwini funso:
Madala, apa mwandigwira pamtima. Koma kuonetsa makasitomala nako ndi ndalama. Anthu akabwera kudzafunsa mtengo, ndimawaonetsa ntchito zanga pa laputopu yotuwa ija, ena amapita osabweranso.

Madala a situdiyo ku Zomba:
Pamenepo ndikuvomera. Banja lomwe likusankha wojambula limagula ndi maso. Koma ndiye unene poyera kuti ukugula chosonyezera malonda, osati chogwirira ntchito yonse, kenaka udzifunse ngati chosonyezera chikuyenera kudya madola oposa chikwi.

Wojambula mnzanu wa ku Mzuzu:
Madala anena zoona, ndingoonjeza kuti pa iPad Pro pali Reference Mode, mu Settings pa Display & Brightness, yomwe imakhazika mitundu ndi kuwala pa muyeso wokhazikika. Air ilibe. Ine ndimasankhira zithunzi pa iPad ndili m'basi kuchokera ku ukwati, n'kukonzako zochepa zoti eni ake aike pa Facebook usiku womwewo, koma alubamu yonse ndimamalizira pa kompyuta. Ndipo mukafunadi Pro, uzani mlamu ayang'ane M4 yotsala m'mashopu. Sikirini ndi imodzi, kupyapyala ndi kumodzi, mamilimita 5.1. M5 yaonjeza liwiro, RAM ya 12GB m'malo mwa 8GB pa za 256GB ndi 512GB, ndi kutchaja mofulumira. Pa Lightroom M4 sinayambe yandichedwetsa.

Wokonza mafoni wa ku Limbe:
Ziwiri zomaliza kwa ine. Choyamba, mukafuna ya netiweki ya foni, dziwani kuti kuyambira pa M4 mulibe polowetsa SIM khadi, ndi eSIM yokha, SIM yopanda khadi yomwe kampani ya foni imakuikirani m'katimo. Pitani kaye ku ofesi ya kampani yanu ya foni mukafunse ngati angakuikireni pa iPad, apo ayi gulani ya Wi-Fi yokha muzigawira bandulo kuchokera pa foni, mupulumutsa madola 200. Chachiwiri, kuno kulibe Apple Store, ndipo sikirini ya tandem OLED si yoti mungaipeze pa kauntala iliyonse. Ikasweka ndiye kuitanitsa kunja, kudikira, kulipira zoopsa. Kesi yolimba ikhale pa bajeti tsiku loyamba. Mlamu aitsegulire m'shopu momwemo, aike chithunzi chotuwa chodera ndi china choyera mbee pa sikirini yonse, ayang'ane ngati pali kadontho kakufa kapena mbali yosiyana mtundu. M4 itangotuluka ena analemba pa intaneti kuti m'chipinda cha mdima, pa zotuwa zodera, amaona ngati timchenga. Ena saona kanthu. Aone yekha asanakwere basi, ndipo lisiti asunge, lidzafunika pa Mwanza kapena pa Dedza.

Mayi wa ku Area 25:
Ndiye mlamuyo ali ndi maso a zithunzi? Ena a ife chilichonse chowala timati chokongola kkkk.

Mwini funso:
Kkkk amayi, mlamu wanga ndi wowotcherera zitsulo, koma ndimuimbira vidiyo ali m'shopumo. Zikomo nonse, mwanditsegula m'maso. Pano ndikuona chonchi: laputopu ndiyo iyambe, chifukwa Lightroom Classic ndi CorelDRAW ndiwo amandidyetsa, ndipo popeza Corel yanga ndi ya Windows ndiyang'ana kumeneko. Tabuleti ibwere ngati chosonyezera ndi chosankhira zithunzi, ndipo ngati ndalama zilola ikhale M4 ya mainchesi 11, yomwe inayambira pa madola 999, osati ya 13. Funso latsala ndi limeneli kwa a ku Mzuzu: sikirini ya 11 ndi yofananadi ndi ya 13, kapena yaing'onoyo anaichepetsa zina ngati kale?

Wojambula mnzanu wa ku Mzuzu:
Kale zinalidi choncho, mu 2021 ndi 2022 ya 12.9 inali ndi mini-LED pomwe ya 11 inali LCD wamba. Kuyambira pa M4 zonse ziwiri ndi tandem OLED, kuwala kofanana, 120Hz yofanana. Kusiyana ndi kukula kokha. Koma ngati muzionetsa banja lonse, apongozi ndi ankhoswe atazungulira tebulo, 11 ichepa. Pezani munthu ku Lilongwe konko yemwe ali nayo, muikemo zithunzi zanu zomwe munatsukitsa kale, muyerekeze ndi za pa pepala.

Mtsikana wojambula pamanja:
Yanga ndi ya 11, ndimakhala ku Area 47. Ndilembereni ku inibokosi, Loweruka masana ndimapezeka. Mubwere ndi alubamu imodzi ndi fulashi ya USB-C.