Mwana wasankhidwa kukathamanga ku Tete koma nsapato alibe ndipo agogo ake akukana, nditani?

Wofunsa:
Moni nonse m'gulu muno, a admin mundiloleze chonde nkhaniyi ndiyaitaliko. Ndili ndi mwana wamkazi wa zaka 14 ali oitava classe (kalasi 8) kuno ku Angónia mbali ya ku Domwe. Mwanayu liwiro ndiye anabadwa nalo, pa tsiku la masewera kusukulu kwawo anawasiya onse pa mamita 800 mpaka anyamata ena amene analowa nawo mwachibwana, kenaka anakathamanga ku Ulongwe pa mpikisano wa distrito anakakhalanso woyamba ndiye pano aphunzitsi awo abwera kunyumba kuti mwana wasankhidwa apite ku Tete mwezi wamawa pa Jogos Escolares (mpikisano wa masewera a masukulu) za provinsiya. Ndinakondwa inde koma tulo sindikupeza.

Mwanayu chiyambire amathamanga chosavala nsapato. Ku Ulongwe anathamanga ndi siketi ya yunifomu atangoipinda m'chiuno, kuphazi kulibe kanthu. Pano anzake akumuopseza kuti ku Tete akakusekani kumeneko aliyense amavala sapatilha, nsapato zothamangira zamisomali kunsi. Ndinakafunsa mtengo wake ndinangotembenuka osatsanzika, mbatatesi chaka chino sizinayende malonda. Kwinaku apongozi anga, agogo ake a mwanayu, akanitsitsa akuti mwana wamkazi wothamanga chonchi chiberekero chimatsika sadzabereka, ndipo bambo ake amangoti zimene anena amayi ndi zomwezo. Komanso aphunzitsi akuti pa cédula (chikalata cha kubadwa) ya mwana palembedwa chaka china, m'kaundula wa sukulu chaka china, kusiyana chaka chimodzi, akuti tikonze msanga. Ndiye ndiyambire pati abale anga? Ndikakongole ndalama ndigule nsapatozo kapena ndingomuuza mwana aiwale?

Mayi wa ku Tsangano:
Aiwale chani achemwali, musiyeni mwana apite. Enafe ana athu ngakhale kuwatuma kuchigayo amafika mawa.

Mphunzitsi wa Educação Física, Moatize:
Mayi, pa zonse mwatchulazi chimene chingamubweze mwana pakhomo la bwalo ndi pepalalo, nsapato ayi. Ndawaonapo ana atayenda ulendo wonse, atavala kale nambala pachifuwa, kenaka akuuzidwa kuti khala pambali chifukwa zaka sizikugwirizana, ndipo amene amakatula nkhaniyo ndi aphunzitsi a distrito ina amene aona kuti mwana wanu ndi woopsa. Nkhani yoba zaka ilipo ndithu m'masewera a ana ndiye aliyense amakhala tcheru. Chaka chenicheni ndi chimene chili ku Registo Civil (ofesi ya boma yolembetsa kubadwa), cédula imachokera kumeneko, choncho sukulu ndi imene ikonze kaundula wake kuti afanane ndi cédula, wina asakunamizeni kuti musinthe cédula. Pitani ku secretaria ya sukulu sabata ino ndi cédula yeniyeniyo ndi fotokope, muonetsetse ndi maso anu kuti akonza komanso pa ndandanda umene atumize ku distrito palembedwa bwino. Ngati mungathe yambaninso kumupangira BI (chitupa cha unzika), adzaifunabe kutsogoloku pa mayeso.

Za nsapato zamisomali zija musavutike nazo. Mwana amene sanazivalepo mukamuveka lero mawa athamange mamita 800 akatumba akumbuyo kwa mwendo amauma, amamaliza akutsimphina. Abebe Bikila wa ku Ethiopia anapambana marathon pa Olympics ku Rome mu 1960 alibe nsapato kuphazi.

Chimene ndingapemphe ndi ichi, mufunse aphunzitsi ake kuti bwalo limene amakonzekererapo analiyeza? Masukulu ambiri timangozungulira bwalo la mpira n'kumati kawiri ndi 800. Bwalo la mpira lalikulu la mamita 105 kwa 68 ukalizungulira m'mphepete ndi mamita 346 basi, pomwe njira yeniyeni ya mpikisano kuzungulira kamodzi ndi 400. Ndiye mwana amene anazolowera bwalo la mpira, pa bwalo loyezedwa amafika pamene miyendo yake ikudziwa kuti tamaliza koma kutsogolo kwatsala mamita oposa 100, apa ndi pamene ana akumudzi amapitiriridwa. Ayeze ndi chingwe, akhome zikhomo, mwana azolowere mtunda weniweni. Komanso aphunzire kusunga mphamvu, ulendo woyamba akhale pambuyo pa wotsogolayo osathamangira kutsogolo chifukwa cha chikondwerero cha anthu, adzatulutse zonse pa mamita 200 omaliza.

Mnyamata wa ku Matundo:
Aphunzitsi zonse mwanena bwino koma pa nsapatopo ndikutsutsani pang'ono. Bikila uja anathamanga madzulo mpaka kunada, ku Rome. Kuno ku Tete dothi la masana simungaliponde ndi phazi, ine ndinakulira kuno ndikudziwa, ikakwana 11 koloko mchenga umawotcha ngati chiwaya cha chipisi. Mwana wa ku Domwe anazolowera dothi lozizira lonyowa mame, mapazi ake olimba ndi miyala inde koma moto sanaupondepo. Ndiye mayi zamisomali zisiyeni koma kasapatilha kopepuka ka pa kaunjika mugule, kosakhala kolemera kunsi, ndipo mugule PANOPA azikavala tsiku lililonse pokonzekera. Nsapato yatsopano pa tsiku la mpikisano ndi matuza okhaokha.

Mphunzitsi wa Educação Física, Moatize:
Apo ndavomera achimwene. Ka pa kaunjika kokwana bwino, chala chachikulu chisagunde kutsogolo, ndi masokosi. Akafika aone bwalolo, likakhala lozizira m'mawa ndipo malamulo akulola atha kuvula, koma akhale nako m'chikwama.

Namwino, Tete:
Ndiyankhepo za agogowo chifukwa nkhani imeneyi ndimaimva kawirikawiri. Kuthamanga sikutsitsa chiberekero ndipo sikuletsa mtsikana kudzabereka. Faith Kipyegon wa ku Kenya anatenga golide pa mamita 1500 ku Rio mu 2016, anabereka mwana wamkazi mu 2018, anabwerera n'kukatenganso golide ku Tokyo mu 2021 ndi ku Paris mu 2024. Chimene muyenera kuyang'anira inu ngati mayi ndi chakudya. Mtsikana wothamanga kwambiri koma akudya mopereweza amatha kusiya kusamba miyezi ingapo, chimenecho ndi chizindikiro choti thupi likuperewedwa, zikatero mupite naye kuchipatala osangokhala. Nyemba muli nazo kwanuko, usipa, mazira, chisoso, bonongwe, adye ndithu kuti magazi asachepe. Muwerengenso masiku ake, ngati mpikisano ukugwera pa nthawi yake mumulongedzere zofunika zokwanira ndipo mumuuze kuti atha kuthamanga bwinobwino ali choncho, asachite manyazi kuuza aphunzitsi aakazi.

Koma chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi kutentha. Ulongwe ili pamwamba mamita opitirira 1,200, Tete ili m'chigwa cha Zambezi sipafika ngakhale mamita 200, ndipo miyezi ya Okutobala ndi Novembala kuno zimadutsa madigiri 40. Ngakhale miyezi imene ife timati kwazizira, mwana wa ku Angónia amatuluka thukuta atangokhala pansi. Ana ochokera kumapiri amene amakomoka kuno si kuti alibe mphamvu, ndi madzi. Ayambe kumwa madzi pafupipafupi kuyambira m'galimoto, ambiri amadziletsa kumwa poopa kupempha dalaivala kuti aime ndiye amafika atauma kale. Mkodzo ukakhala wachikasu kwambiri ndiye kuti madzi achepa. Mumupatse botolo lakelake ndi mapaketi a SRO (mchere ndi shuga zobwezeretsa madzi m'thupi) awiri atatu, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi abwino. Podikira mpikisano akhale pamthunzi, osati kuima padzuwa kuchemerera anzake tsiku lonse kenaka iye n'kulowa atatheratu. Akamva chizungulire, mutu kapena nseru auze wamkulu nthawi yomweyo. Ndipo neti ya udzudzu musaiwale, kuno udzudzu si wamasewera.

Bambo wa ku Furancungo:
Ine ndinene zoona ngakhale munditukwane. Zothamangazi zimadyetsa ndani kuno? Mwana ali oitava, aike mtima pa makope. Akapita kumeneko akabwera ndi kapepala kothokoza basi, mayi atatsala ndi ngongole ya nsapato. Mpira bola, tikuona anyamata a ku Songo akulandira malipiro.

Mtsikana wa ku UniZambeze:
Bambo inu mwaiwala Lurdes Mutola? Mtunda wake ndi womwewu wa mamita 800. Anakulira ku Chamanculo ku Maputo akusewera mpira ndi anyamata, amene anamuona n'kumukokera ku zothamanga ndi mlakatuli José Craveirinha, mwana wake Stélio ndi amene anayamba kumuphunzitsa. Ali ndi zaka 15 anali kale pa Olympics ku Seoul mu 1988, chaka chimodzi chokha kuposa mwana wa mayiwa. Ndipo kuthamangako ndi kumene kunamupititsa kusukulu ku Oregon ku America, sikunamuchotse pasukulu ayi. Mu 1996 ku Atlanta anatenga bronze, mu 2000 ku Sydney golide, woyamba wa dziko lathu. Mu 2003 anatenga yekha jakipoti ya Golden League ya madola 1 miliyoni. Sindikunena kuti mwana aliyense adzafika pamenepo, koma masiku ochepa a ku Tete sangamulepheretse mayeso. Akachita bwino pa provinsiya pali gawo la dziko lonse, Tete yomweyi inalandirapo Jogos Escolares za dziko mu 2013, mu 2019 zinali ku Chimoio, ndiko makalabu amakaonera ana.

Bambo wa ku Furancungo:
Mutola ndi mmodzi mwana wanga, kuyambira 2000 mpaka lero wachiwiri ali kuti?

Mtsikana wa ku UniZambeze:
Mwina ali ku Domwe bambo, mukumuletsa kukwera galimoto kkkk

Mayi wamkulu wa ku Ulongwe:
Make mwana, za agogozo musalimbane nawo nokha, mtengwa kutsutsana ndi apongozi pa nkhani ya mdzukulu simungapambane ngakhale mutakhala ndi namwino kumbuyo. Musapitenso ndi foni kukawaonetsa za m'gulu muno adzati mwawayalutsa. Pemphani aphunzitsi aakazi amene apite ndi anawo abwere kunyumba adzakhale pamphasa ndi agogowo, abwere ndi mayi wina wamkulu wa kumpingo kwawo amene amamumvera. Nthawi zambiri akuluakulu akamati chiberekero, mantha enieni ndi oti mwana wamkazi akagona kuti ndipo akamuyang'anira ndani, ndipo manthawo ndi oona. Inunso mufunse zimenezo mosanyengerera, akagona pasukulu iti, atsikana akagona paokha kodi, mphunzitsi wamkazi alipo, chakudya ndi galimoto akulipira ndani. Mutenge nambala ya mphunzitsi wamkaziyo. Akakuuzani kuti apita ndi aphunzitsi aamuna okhaokha, pamenepo ngakhale ine ndingakane, mukadandaule kwa a dairekita mpaka apezeke wamkazi.

Mnyamata wa ku Zóbuè:
Mumuuzenso kuti asanyamuke mluzu kapena mfuti isanalire. Malamulo a masiku ano ukangonyamuka msanga kamodzi watuluka, kusukulu kwathu timangobwereza koma kumeneko atha kutsata lamulo. Komanso pa 800 akawaika aliyense mu mzere wake akhale momwemo mpaka atatha kukhota koyamba ndiye alowe mkati.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga zonse mpaka ndamuwerengera mwini wake. Lero m'mawa ndinali ku secretaria, apeza kuti analakwitsa polemba pamene ankalowa sukuluyi ndipo akonza ndikuona, ndandanda sunapite ku distrito. Aphunzitsi aakazi alipo mmodzi ndipo avomera kubwera Loweruka kudzacheza ndi apongozi, bambo ake ayamba kufewa atamva za Mutola akuti ankamumvera pa wailesi. Nsapato ndikaona pa msika wa Lachisanu. Funso lina, mwana amavala 37, pa kaunjika ndigule 37 yomweyo kapena yokulirapo kuti adzavalenso chaka chamawa?

Mnyamata wa ku Matundo:
Mupite naye akayese yekha atavala masokosi, madzulo phazi litatupa kale. 38 ikhoza kukhala bwino koma osapitirira apo mayi, yachaka chamawa idzavuka pa kona. Muipinde ndi manja muone ngati kunsi sikunang'ambike, za pa kaunjika zina amangomata ndi guluu.