Ayezi wa viniga ndi soda wandikanika: ndalakwitsa pati?

Mphunzitsi wa Chemistry, ku Santhe:
Aphunzitsi anzanga, ndikupempha nzeru. Lachinayi likubwerali ndikufuna kuonetsa ophunzira a Fomu 3 madzi aja amene amauma ngati ayezi nthawi yomweyo ukawakhudza, opangidwa ndi viniga ndi soda. Dzulo ndinasakaniza lita imodzi ya viniga ndi ufa wofufumitsira mandasi, ndinawiritsa pa mbaula, koma zimene zatuluka ndi phala lofiirira lomwe lakakamira m'sefuliya. Labotale tilibe, ndipo ndalama yogulira zipangizo ndikutulutsa m'thumba mwanga, choncho sindingathe kumangoyeserera.

Mphunzitsi wa ku Nkhamenya:
Amayi, vuto loyamba ndi ufa umene mwatchulawo. Baking powder ali kale ndi asidi komanso sitachi mkati mwake, ndipo sitachiyo ndi amene wakuphikirani phala. Chofunika ndi soda weniweni, sodium bicarbonate, yemwe timathira m'therere. Chidulo musachiyese n'komwe, chifukwa mchere wa m'phulusa ndi wina. Viniga akhale woyera, wolembedwa 5% pa botolo. Mu lita imodzi muli asidi pafupifupi magalamu 50, amene amafuna soda wokwana magalamu 70, ndipo muzithira pang'onopang'ono mukutakasa mpaka thovu la carbon dioxide litaleka, apo ayi lisefukira pansi. Chotsalacho ndi mchere wotchedwa sodium acetate, wosungunuka m'madzi ambiri.

Mphunzitsi wa ku Chamama:
Ndikugwirizana ndi achimwene anenawa, koma ine ndikuona kuti pagona nkhani ndi pamoto. Makala akayaka mwaukali, madzi amatha msanga m'mbali mwa sefuliya ndipo zinthu zimapserera, n'chifukwa chake mtundu umafiirira. Chepetsani makala, phikani mofatsa ngakhale zitatenga ola lathunthu kapena kuposerapo, mpaka lita ija itatsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi. Chizindikiro chake ndi kakhungu kopyapyala kamene kamayamba kuoneka pamwamba, monga kamachitira phala likamazizira. Mukakaona, phulani nthawi yomweyo, thirani madziwo m'botolo lagalasi loyera lomwe mwayamba mwalifunditsa ndi madzi otentha kuti lisasweke, ndipo onjezerani supuni imodzi ya viniga kapena madzi kuti kakhunguko kasungunuke. Vundikirani bwino, chifukwa fumbi la mwezi uno likagweramo lokha limayambitsa kuuma musanafike n'komwe m'kalasi. Timibulu toyera totsalira m'mbali mwa sefuliya musataye. Palani ndi supuni, musunge m'kapepala, popeza kamodzi kokha ndi kamene mudzaponye m'botolomo pamaso pa ana kuti madziwo ayambe kuuma.

Mphunzitsi wa ku Santhe:
Zikomo kwambiri nonse. Nanga poziziritsa, popeza furiji pasukulu pano palibe, zingatheke?

Mphunzitsi wa ku Chamama:
Zimatheka ndithu, amayi. Imikani botolo lovundikiralo m'beseni la madzi ozizira a pamjigo, lisagwedezeke, mpaka litasiya kufunda. Sodium acetate wokhala ndi madzi ameneyu amasungunuka pa madigiri 58, choncho ngakhale kutentha kwa masana kuno kuli kale pansi pa mlingo umenewo.

Mphunzitsi wopuma pantchito, ku Kasungu boma:
Ana anga, zonse mwanenazi n'zoona, koma dzina lakuti ayezi limandidetsa nkhawa. Mwana akaona zoyera zikumera m'botolo adzapita kwawo akukhulupirira kuti madzi aundana chifukwa cha kuzizira, pamene chimene chachitika n'chosiyana. Madziwo asunga mchere wochuluka kuposa umene angathe kusunga pa kutentha kumeneko, ndipo kambulu kaja kamangopatsa mcherewo poyambira kudzisanja. Auzeni agwire botololo kunja: adzamva kuti likufunda, chifukwa mcherewo ukamauma umatulutsa kutentha, ndipo apa ndi pamene mawu akuti exothermic amalowa m'mutu osatulukanso. Ngati pali thermometer ngakhale imodzi, ikanimo alembe okha manambala asanaponye kambulu ndi pambuyo pake. Ntchito yowiritsa ikhale yanu nokha, panja, osati m'kalasi lotseka mazenera muli makala, ndipo aliyense asalawe.

Mphunzitsi wa ku Santhe:
Bambo, ndamva, ndipo pa bolodi ndilemba dzina la mcherewo osati ayezi. Ndaphikanso madzulo ano ndi soda wa therere pa moto wochepa. Botolo loyamba linauma lokha pothira, mwina chifukwa kambulu kanatsetsereka kuchokera m'mbali mwa sefuliya, koma nditaliimika m'madzi otentha linasungunukanso monga poyamba. Litazizira ndinathira pang'onopang'ono pa mbale pomwe ndinaika timibulu tiwiri, ndipo panamera kachulu kotalika ngati chala. Mtundu wake udakali wachikasu pang'ono. Kodi zimenezi zingalepheretse Lachinayi?

Mphunzitsi wa ku Nkhamenya:
Ayi, chikasu chochepacho chimachokera ku zotsalira za m'viniga ndipo sichiletsa kuuma. Konzani mabotolo awiri, kuti lina likauma panjira mukhale ndi lachiwiri.